Boti Lopanda Bowo

Ana anga aamuna atatu ali ku Joni. Anayamba Percy, kenako Edwin, kenako Hopeson amene sanatsanzike n'komwe bwinobwino. Agogo awo ankapitanso komweko kumigodi, ndiye anthu amati n'zakumtundu. Zakumtundu kaya si zakumtundu, ine ndinatsala ndi mmodzi, Khumbo, mtsikana, chitsiriza. Ameneyu ndinanenetsa kuti sapita.

Koma mwana samangidwa ndi pakamwa. Khumbo anaphunzira ntchito zamanja ku Mzuzu zaka ziwiri, za zitsulo ndi za faibala, ija amapangira maboti oyera opepuka aja. Atabwerako anakhala chaka chathunthu akungopala mamba pabenchi langa mumsika. Percy atamva anamutumizira tikiti ya basi, yoti akakwerere ku Mzuzu Lamulungu. Akuti ku Joniko kuli bwana wina akufuna munthu wodziwa faibala.

Kutatsala sabata imodzi, pabenchi panafika a Silas. Amenewa amayang'anira maboti a loji ina ku Chikale, ndipo nsomba za alendo awo amagula kwa ine.

"Ama NyaLongwe, akuti mwana wanu amadziwa za maboti?"

"Akuti ndani? Amadziwa. Nenani chimene mwadzera, ntchentche zikundidyera malonda."

Anafotokoza. Ali ndi maboti asanu a faibala. Pamwamba pa lililonse pamakhala felemu ya aluminiyamu, yomangapo tenti kuti alendo asapse ndi dzuwa, komanso yogwirira kukakhala mafunde. Mafelemuwo anawakhoma Ada Greyson Kamanga ndi maliveti, timisomali tija amalowetsa pabowo n'kutiphwanya mutu. Chaka choyamba zinali bwino. Koma mafunde amagwedeza, bowo limakula, faibala imang'aluka mozungulira, madzi n'kumalowa. Tsopano mafelemu onse ankangoti gwedegwede ngati mano a nkhalamba.

"Ayesere boti limodzi," anatero a Silas. "Lachisanu ndidzaona. Likandisangalatsa, onse asanu ndi ake, n'kumawasamalanso chaka chonse. Likapanda kutero ndiitana anyamata a ku Mzuzu."

Khumbo anali pambali panga, mpeni uli m'manja. Anangoti, "Ndamva, Ada." Madzulo ake anandiuza mosabisa kuti ntchitoyo ikapezeka tikiti aibweza, ikalephereka Lamulungu akwera.

Botilo analikokera pansi pa mtengo waukulu wa mango pamene Ada Greyson amakhomera maboti a matabwa. Mkuluyu wakhoma maboti kuyambira ine ndili namwali, ndipo pakamwa pake sipatseka. Lolemba m'mawa anapeza Khumbo akutseka mabowo akale.

"Iwe NyaLongwe wamng'ono, choboolera chako chili kuti? Ndikubwereke changa?"

"Yewu, Ada, koma sindiboola."

"Nanga felemu uigwiritsa ndi chiyani? Malovu?"

"Guluu."

Ada Greyson anaseka mpaka kukhala pansi pa thabwa. "Mwamva, Ama? Mwana munamutumiza kusukulu kukaphunzira kusoka nsapato! Boti si patapata, mwana iwe. Chitsulo chimamva msomali basi."

Ine ndinawayankha kuti misomali yawo ndi imene yatidzetsa pano. Koma kunena zoona, mumtima ndinali mbali yawo. Guluu amene ndimamudziwa ine ndi uja timamatira chogwirira cha kapu, mawa lake n'kuthothokera m'tiyi. Popita kunyumba ndinamuuza Khumbo kuti asiye zamasewera, aboole, akhome maliveti akuluakulu ntchito ithe. Anandiyankha mofatsa, monga amachitira, kufatsa kuja kumanditopetsa.

"Ama, liveti imagwira malo ang'onoang'ono ngati njere ya mpunga. Mphamvu yonse ya funde imathera pamenepo. Guluu amagwira ponseponse. Ndipo boti likhala lopanda bowo."

Felemuyo inali ndi miyendo isanu ndi umodzi, itatu mbali ino itatu mbali inayo. Kumapeto kwa mwendo uliwonse Khumbo anawotchererako phazi, kachitsulo kafulati kakulu ngati chikhatho changa. Analemba ndi pensulo m'kati mwa boti pamene phazi lililonse lidzaponde, n'kuyamba kukhula ndi sandipepa. Anakhula tsiku lonse. Anakhula faibala mpaka kunyezimira kunatha, anakhulanso mapazi a aluminiyamu aja. Ine ndinapita kumsika, kubwerako, akukhulabe. Ndinati mwana ameneyu Lachisanu limupeza akukanda boti ngati lili ndi mphere.

Lachiwiri masana ndinamutengera chinangwa chophika. M'mawa umenewo kunabwera batala wambiri, nsomba zonona zija, ndipo ndinatumbula beseni lonse ndekha. Ndinamupeza akupukuta malo okhula aja ndi sipiriti. Kansalu koyera, kupukuta kamodzi, kutaya, kutenga kena. Ndinadandaula nsalu. Atamaliza onse asanu ndi limodzi anati, "Ama, musakhudze," n'kupita kuseri kwa mtengo kukasakaniza guluu. Guluu wake ngwa m'zitini ziwiri. Payekhapayekha sauma, koma ukaphatikiza amayamba kutentha, ndiye umafunika kuthamanga naye.

Tsono ine ndakhala zaka makumi atatu ndikugula nsomba. Palibe chimene ndimakhulupirira ndisanachidinikize ndi chala chachikulu. Msodzi angalumbire bwanji kuti kampango ngwa lero, chala ndiye chimandiuza. Papaya, buledi, matiresi, ngakhale chipumi cha mwana wodwala, chimodzimodzi. Ndinayang'ana malo amene mwana anakhula tsiku lonse, ndinafuna kumva kuti akhakhala bwanji. Ndinadinikiza pamodzi pokha, kumbuyo mbali ya kumanzere. Panatsala kachidindo. Ndinatenga nsonga ya chitenje, chomwecho ndinatumbulira batala, n'kupukuta bwinobwino mpaka kachidindo kanasowa. Ndinkayesa kuti akuletsa kukhudza poopa litsiro. Litsiro ndinali nditachotsa. Nkhani inathera pomwepo, ndinaiiwala.

Khumbo anabwera chothamanga, kupaka guluu, kukhazika felemu mothandizidwa ndi Ada Greyson amene ankang'ung'udza njira yonse, kupana phazi lililonse ndi zopanira. Pamwamba pa phazi anayalapo kansalu koyera konyezimira, akuti nkagalasi, n'kukanyowetsa ndi guluu yemweyo mpaka kanaoneka ngati madzi oundana. Kenako anazunguliza chingwe boti lonse.

"Masiku awiri. Munthu asaliyandikire, ngakhale nkhuku."

Lachinayi masana anachotsa zopanira. Ndinali pomwepo. Ada Greyson anagwira felemu n'kugwedeza, ndipo linagwedezeka ndi boti lonse. Anasiya kuseka. Anazungulira, kuwerama, kusuzumira.

"Tandiuza, mwana. Chinsinsi chake chili m'chitini?"

"Ayi, Ada. Chili pokonza malo. Mdani wa guluu ameneyu ndi mafuta. Ngakhale thukuta la chala limakwana. Pamene pagwa mafuta, kunja pamaoneka chimodzimodzi, mukagwedeza ndi manja pamagwira. Padzasiya tsiku la mwera, anthu atagwirira."

Ndinayang'ana chala changa. Ndinayang'ana phazi la kumbuyo lija. Linali phee, lokongola ngati anzake.

Ndinayenda mpaka m'mphepete mwa madzi n'kuima. Ndikakhala chete, mawa a Silas adzagwedeza ndi manja, adzakondwa, mwana atsala. Ndikayankhula, pafunika masiku ena awiri, Lachisanu lapita, mwana wapita. Koma ndinaona m'maso mwanga mayi wina wa eni ake, atabereka mwana, atagwirira mwendo umenewo pakati pa nyanja. Ine chinthu sichikhalitsa m'mimba. Ndinabwerera.

"Khumbo. Phazi ilo. Ndinadinikizapo."

"Liti?"

"Usanapake. Koma ndinapukuta."

"Ndi chiyani?"

"Chitenje."

"Chiti?"

Ndinaloza chitenje changa cha kumsika, chija ndinatumbulira batala. Ada Greyson anagwira pakamwa.

Khumbo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga tchizulo, kudula kansalu kagalasi kozungulira phazilo, kuika nsonga pansi pake, kumenya ndi hamala kamodzi, osati mwamphamvu. Linangoti thapu, kusiya. Tinasuzumira tonse atatu. M'mbali guluu anali atagwira, atazula nyenyeswa za faibala. Koma pakati ponse panali posalala, ponyezimira ngati mbale, ndipo mzere umene chitenje chinadutsa unkaoneka bwinobwino. Guluu uja anadziwa. Chinthu chimene diso langa silinaone, chimene ndinapukuta ndi manja anga, iye anachipeza n'kuchikana.

"Tabwera nayo hamalayo," anatero Ada Greyson. Anaika tchizulo pansi pa phazi lina, limene sindinakhudze. Anamenya. Anamenyanso ndi mkono umene wakhoma maboti zaka zonsezi. Hamala inkangodumpha. Kachitatu Khumbo anawagwira dzanja kuti angaswe boti.

"Boti ndi limene lingasweke?" anafunsa mkuluyo. "Osati guluu?"

"Eya, Ada."

Anabweza hamala n'kukhala pa thabwa lawo.

Khumbo anayamba kukhula malowo mwatsopano. Osandiyang'ana anati, "Ndimaliza chifukwa ndinayamba. Koma louma ndi Loweruka masana. A Silas anati mawa." Kenako anati, "Chikwama chachikulu chija chili pansi pa bedi lanu, eti?"

Sindinadikire kuti amalize. Ndinakwera mtunda wopita ku loji ndi mkwiyo, ngakhale woti ndimukwiyire ndinali ndekha. A Silas ndinawapeza akutsuka injini.

"Ada Silas, mawa kulibe. Loweruka."

"Aa, Ama, Lachisanu ndi Lachisanu. Anyamata a ku Mzuzu ndawauza kale kuti akhale tcheru."

"Anyamata a ku Mzuzu nyanja anaionera kuti? M'beseni?"

"Chavuta n'chiyani? Guluu wakana?"

"Wakana ine. Ndinapakapo mafuta a batala. Mwana alibe mlandu."

Anaseka, kenako anapukusa mutu. "Mwaona tsono? Chinthu choti chala chimodzi n'kuchiwononga, ine ndiikemo alendo? Ndipotu ndakhala ndikuganiza. Masiku ano nyanja ili bata. Ngakhale ndiliyendetse, ndidziwa bwanji kuti mwera ukabwera felemu siizuka? Liveti ndimaiona ndi maso. Guluu ndimuona bwanji?"

Pamsika munthu akayamba kuchoka, sumusiya afike pabenchi lina. Umaponya chimene uli nacho. Ndinalankhula ndisanaganize.

"Mukufuna kuona? Loweruka tilipachika mumtengo wa mango. Chingwe chigwire felemu yokha, boti lilendewere kunsi."

"Ama, musachite nthabwala."

"Ndi ine ndili momwemo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ine si munthu wochepa. "Likagwa?"

"Mukaitane a ku Mzuzu, ine mukandione kuchipatala. Likapanda kugwa, maboti asanu, chaka chonse, monga munanenera. Osachotsapo ngakhale limodzi."

"Loweruka thuu koloko," anatero. "Zimenezi ngakhale abwana abwera kudzaonera."

Potsika mtunda ndi pamene ndinazindikira chimene ndalonjeza. Amati walira mvula walira matope. Ndinamuuza Khumbo ndikuyembekezera kuti anena kuti ndapenga. Anaimitsa sandipepa, kuyang'ana felemu, kuyang'ana nthambi, kudinadina pafoni.

"Mumalemera bwanji, Ama?"

"Funso lanji limenelo kwa mayi wako?"

"Ndikufuna nambala."

"Sikelo ya kuchipatala inati nainte. Koma imanama."

"Mudzakhale pakatikati. Musadzaimirire." Anabwerera kukhula. Patapita kanthawi anati, "Ndipo mpaka Loweruka manja anu akhale kumsika."

Nkhani ku Nkhata Bay siyenda pansi. Pofika Loweruka masana pansi pa mtengo panali anthu ngati pamaliro a munthu wolemera. Amayi anzanga a mumsika anasiya mabenchi. Asodzi anabwera, akabaza anabwera, alendo awiri a ku loji anabwera ndi mafoni awo. Wina anakuwa kuti, "NyaLongwe, utisiyire benchi lako usanakwere!" Ndinamuuza kuti benchi langa silifuna munthu wogulitsa usipa wadzana.

Ada Greyson anapachika tcheni chawo chonyamulira mainjini pa nthambi yaikulu. Anamanga okha zingwe pamwamba pa felemu, pamutu pa mwendo uliwonse, n'kuzisonkhanitsa pa ngowe. Anaitana a Silas kuti aone kuti palibe chingwe chodutsa kunsi kwa boti. Kenako anandigwira dzanja pokwera, ngati mkwatibwi.

"Mwalapa machimo, Ama?"

"Kokani tcheni, Ada, ndili ndi nsomba padzuwa."

Ndinakhala pa thabwa lapakati. Khumbo anaima kutsogolo, manja m'chiuno, nkhope yake osawerengeka. Tcheni chinayamba kulira, kwetekwete, kwetekwete. Zingwe zinawongoka. Felemu inalira kamodzi, kulira kwa chitsulo chikamva katundu.

Kenako mchenga unasiya boti.

Sindinamve kukoka kapena kugwedezeka. Ndinangoona mitu ya anthu ikutsika. Boti linatembenuka pang'onopang'ono lokha, mphuno kuloza kunyanja. Linakwera kufika m'chiuno mwa anthu, kufika m'mapewa, kupitirira. Masamba a mango anandikhudza kumutu.

Ndinayang'ana phazi la kumbuyo lija, limene linamatidwa dzana. Ndinaliyang'anitsitsa, kudikira kuti liyasame. Panalibe msomali. Panalibe bawuti, panalibe waya, panalibe chilichonse chimene munthu angaloze n'kunena kuti ichi ndicho chagwira. Pakati pa chitsulo ndi boti panali kamzere kopyapyala ngati chikhadabo, kamtundu wa uchi. Kamzere kameneko kananyamula boti limene amuna asanu ndi mmodzi amalikoka akubuula, kananyamula ine ndi nainte wanga, ndipo sikanali kulira, sikanali kutuluka thukuta. Kanangokhala. Ine ndinakula ndikudziwa kuti chogwira chimalasa: msomali umalasa thabwa, mbedza imalasa nsomba, singano imalasa nsalu. Apa zinthu ziwiri zosiyana mtundu zinagwirana popanda china kuvulaza chinzake, ndipo amene anazigwirizanitsa ndi mwana amene ndinamubereka ine, amene ndinkamukalipira kuti amachedwa kupala mamba.

"Chiuta wangu," ndinamva pakamwa panga pakunena.

Pansi phokoso linaphulika. Amayi a mumsika anaimba nthungululu. Ada Greyson analowa kunsi kwa boti, mutu wawo pansi penipeni pa ine, akugogoda ndi nkhonya.

"Ada, chokaniko!" anakuwa a Silas.

"Ndichokerenji? Likadakhala la maliveti anga ndikadathawa kalekale. Bweretsani zigubu!"

Anatunga zigubu zinayi za madzi kunyanja n'kumandipatsira chimodzichimodzi. Ndinazilandira, kuziika pamapazi anga. Nthambi ya mango inayamba kuwerama, masamba kugwa. Mapazi a felemu anali pomwepo.

"Basi, basi!" anatero a Silas. "Muthyola mtengo wa eni ake." Anayenda mpaka pamene panaima Khumbo. Kuchokera m'mwamba ndinkaona pakati pa mutu wawo pamene tsitsi linayamba kutha. "Mayi, Lolemba ndikutumizirani boti lachiwiri. Enawo motsatana."

"Asanu!" ndinakuwa. "Chaka chonse!"

"Asanu, Ama, chaka chonse. Ngakhale muli kumwamba simusiya?"

Khumbo sanadumphe, sanaseke. Anapita pambali pang'ono, kutulutsa foni, kutseka khutu linalo ndi chala. Anthu ankasokosera, koma mawu a mwana wako umawamva ngakhale pamsika.

"Achimwene? Ndine... Eya. Tikiti ija mumupatse wina... Ayi, sindikudwala. Ndapeza ntchito konkuno... Ama? Alipo, koma simungayankhule nawo panopa. Ali mumtengo."

Anakweza maso kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbali, kunyanja, chifukwa m'maso munali mutalowa kanthu. Kuchokera pamenepo madzi ankaoneka mpaka pansi, miyala yonse, ndi timabwato tiwiri kutali.

"Tikutsitseni, Ama?" anafunsa Ada Greyson, dzanja lili pa tcheni.

"Dikirani kaye," ndinatero. "Mundisiye pang'ono."